Kodi clause, phrase ndi complement zimasiyana pati?

Mtsikana wa Fomu 4, Chinamwali

Aphunzitsi ndi akuluakulu amene muli pano, chonde ndithandizeni. Mayeso a MSCE ayandikira koma gawo la galamala ya Chingerezi likundizunguza mutu. Matanthauzo ndinaloweza kale: clause ndi gulu la mawu lokhala ndi mneni, phrase ndi gulu la mawu lopanda mneni. Vuto limabwera akandipatsa chiganizo n'kudula mzere kunsi kwa mawu ena. Mu "Walking to Songani, the boys met their uncle" akuti "walking to Songani" ndi phrase, chonsecho "walking" ndi mneni. Mu "I know where she sells tomatoes" ine ndikuona adverb clause of place poti pali liwu loti "where", koma buku likuti ndi noun clause. Zikutheka bwanji? Mundiuzenso kusiyana kwa object ndi complement, komanso nthawi yolemba "qualifying" ndi nthawi yolemba "modifying". Ndikufuna njira yoyesera, kuloweza kwandikwana.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Matawale

Mwanawe, tanthauzo unalowezalo ndi loperewera. Lasowa liwu limodzi, ndipo nkhani yonse yagona pa liwu limenelo: "finite". Clause ndi gulu la mawu lokhala ndi subject, kutanthauza mwininkhani, komanso finite verb. Phrase ikhoza kukhala ndi mneni ndithu, bola mneniyo asakhale finite.

Finite verb ndi mneni womangidwa ku zinthu ziwiri, nthawi ndi mwininkhani. M'Chichewa zimenezi zimaoneka poyera. Mu "anyamata anayenda", a- akuloza anyamatawo ndipo -na- akusonyeza nthawi yakale. Mu "kuyenda" mulibe woyenda, mulibenso nthawi. N'chifukwa chake "Anyamata anayenda" ndi chiganizo chokwanira, pamene ukanena kuti "kuyenda wapansi mpaka ku Songani" n'kukhala chete, womvera amadikirabe kuti umalize.

Kayesedwe kake n'kotere. Nena chiganizocho ngati zimachitika tsiku ndi tsiku, kenaka uchinenenso ngati zinachitika dzulo, uone liwu limene lasintha. "Walking to Songani, the boys meet their uncle." "Walking to Songani, the boys met their uncle." Lasintha ndi "meet" kupita ku "met". "Walking" sanagwedezeke n'komwe. Choncho finite verb ndi imodzi, clause ndi imodzi, ndipo "walking to Songani" ndi phrase.

Aneni osakhala finite alipo a mitundu itatu: wa "to" monga "to walk", amene amatchedwa infinitive, wothera ndi "-ing", ndi past participle monga "broken", "written", "stolen". Paokha sangaimike chiganizo. Koma akatsogozedwa ndi mneni wothandiza zinthu zimasintha. "While the boys were walking to Songani" ndi clause, chifukwa pali subject "the boys" ndipo "were" akhoza kusanduka "are". Gulu lonse monga "will have been sold" uziliwerenga ngati mneni mmodzi. Pamene ambiri amagwa ndi pa aneni amene past tense ndi past participle yawo zimalembedwa mofanana. Mu "The maize sold at Jali was cheap", "sold" akuoneka ngati nthawi yakale. Bweretsa chiganizocho ku nthawi yatsopano: "The maize sold at Jali is cheap." Wasintha ndi "was" yekha, ndiye kuti "sold at Jali" ndi phrase yofotokoza "maize".

Tsopano za "where". Usamaweruze clause poyang'ana liwu loyamba. Mayina awa, noun clause, adjective clause, adverb clause, amanena za ntchito imene mawuwo akugwira m'chiganizo chimenecho. Zili ngati bambo mmodzi amene kwa ana ake ndi atate, kwa ana a mlongo wake ndi malume: munthu ndi yemweyo, dzina likusintha malinga ndi amene waima nawo. Taona mawu omwewo m'ziganizo zitatu:

"I know where she sells tomatoes."
"This is the stall where she sells tomatoes."
"Customers gather where she sells tomatoes."

Phimba clause ndi chala, uwerenge zotsala. Poyamba patsala "I know", ndipo funso lobwera ndi lakuti ukudziwa chiyani. Ikapo "it" kapena "something": "I know it." Zamveka. Chilichonse chimene "it" angalowe m'malo mwake chikugwira ntchito ya dzina, ndiye yankho ndi noun clause, object of "know". Pachiwiri patsala "This is the stall", chiganizo chokwanira kale, ndipo clause yakhala pafupi ndi dzina n'kumayankha funso lakuti benchi yake iti. Imeneyo ndi adjective clause qualifying "stall". Pachitatu patsala "Customers gather", ndipo clause ikunena malo osonkhanira. Ikapo "there": "Customers gather there." Apa ndi pamene pali adverb clause of place modifying "gather". Ukayesa "there" pa chiganizo choyamba chija upeza "I know there", zimene sizikunena zomwe chiganizocho chimanena.

Za "qualifying" ndi "modifying" ndi mwambo wa galamala ya kusukulu ndipo ndi wosavuta. Mfotokozi (adjective), kaya ndi liwu limodzi, phrase kapena clause, timati qualifies dzina kapena mlowam'malo. Muonjezi (adverb) timati modifies mneni, mfotokozi kapena muonjezi mnzake. Noun clause simalandira mawu awiri onsewa. Iyo timati subject of, object of, complement of, object of the preposition, kapena in apposition to. Ndipo nthawi zonse utchule liwu lenileni limene ikugwira nalo ntchito. Kulemba "qualifying the noun" osanena kuti dzina lake liti ndi yankho latheka.

Apposition ndiyo imakola ana ochenjera omwe. Yerekeza ziganizo ziwiri izi: "The news that the bridge had collapsed shocked us" ndi "The news that he brought shocked us". Zonse zili ndi "that" pafupi ndi "news". Chotsa "that" uikepo "which". "The news which he brought" zikumveka, ndiye imeneyo ndi adjective clause qualifying "news". "The news which the bridge had collapsed" sizikumveka, chifukwa clause imeneyo sikusankha kuti nkhani yake iti, ikunena nkhaniyo. Imeneyo ndi noun clause in apposition to "news". Mayina okonda kubwera ndi apposition ndi monga "fact", "news", "rumour", "idea", "belief", "hope". Ukawaona, yesa "which" usanalembe yankho.

Mayi wophunzitsa za uphunzitsi, Domasi

Abambo a ku Matawale afotokoza bwino za clause, ine nditenge za object ndi complement.

Mwana wanga, object ndi chimene m'kalasi ya Chichewa mumati pamtherankhani: munthu kapena chinthu china chimene ntchito ya mneni yakagwera. Complement si chinthu china ayi, ndi dzina lina kapena maonekedwe a chinthu chomwe chatchulidwa kale. "The committee elected a chairman": komiti ndi ina, wapampando ndi wina, ndiye "a chairman" ndi object. "Her brother became a chairman": mchimwene ndi wapampando ndi munthu mmodzi, ndiye "a chairman" ndi complement. Funso loyamba likhale limenelo: kodi ndi anthu awiri kapena mmodzi?

Kuyesa kwachiwiri ndi kutembenuza chiganizo kuti chikhale passive. Object imatha kubwera koyambirira: "A chairman was elected by the committee." Complement singathe: palibe Chingerezi choti "A chairman was become by her brother." Chichewa chako chikhoza kukuthandizanso. Timanena kuti "komiti inamusankha wapampando", timanenanso kuti "wapampando anasankhidwa". Koma sitinganene kuti "mchimwene wake anamukhala wapampando". Pamene -mu- kapena -wa- akukana kulowa mwa mneni, kawirikawiri palibe pamtherankhani. Usadalire passive yokha, chifukwa alipo aneni ochepa monga "have", "lack", "resemble" amene amatenga object koma salola passive. Mu "She resembles her aunt" bwerera ku funso loyamba lija: mtsikana ndi azakhali ake ndi anthu awiri, ndiye "her aunt" ndi object.

Aneni obweretsa complement amatchedwa linking verbs. Wamkulu wawo ndi "be" ndi maonekedwe ake onse, "is", "are", "was", "were". Ena ndi "become", "seem", "appear", "remain", kuphatikizapo "look", "feel", "taste", "smell", "sound", "grow", "turn". Gulu lomalizali limagwira ntchito ziwiri. "She tasted the matemba": analawa, matemba ndi object. "The matemba tasted salty": matembawo sanalawe kanthu, "salty" akungonena mmene alili, ndiye ndi complement. "He grew maize" ndi "He grew tired" n'chimodzimodzi. Chotsa mneniyo uikepo "was": "The matemba was salty", "He was tired" zikumveka, "He was maize" ayi. Kudziwa zimenezi kumakupulumutsa pa funso losankha pakati pa mfotokozi ndi muonjezi. Linking verb imatsatidwa ndi mfotokozi: "The bride looks beautiful", osati "beautifully", "The milk smells bad", osati "badly".

Palinso object complement, imene imafotokoza object: "They elected him chairman", "She painted the door blue". Iye ndi wapampando ndi munthu mmodzi, chitseko ndi chimene chasanduka chabuluu. Siyanitsa ndi chiganizo cha ma object awiri: "Mother bought the girl a uniform." Mtsikana si yunifolomu. Chogulidwacho ndi direct object, wolandira ndi indirect object, ndipo umamudziwa chifukwa akhoza kusunthidwa n'kutsogozedwa ndi "to" kapena "for": "Mother bought a uniform for the girl."

Apa pali msampha wochokera ku Chichewa chathu. Ife tikaika -ir- kapena -er- mwa mneni, pafupifupi mneni aliyense amatenga wolandira: gulira, phikira, lembera, fotokozera. Chingerezi sichilola zimenezi kwa aneni onse. "Give", "buy", "send", "tell", "lend", "show" amalola, koma "explain", "describe", "suggest", "say" amakana. Mwana amene m'mutu mwake muli "ndifotokozereni yankho" amalemba "Explain me the answer". Zolondola ndi "Explain the answer to me".

Mawu ena awiri oti uwagwire bwino ndi transitive ndi intransitive, amene m'Chichewa ndi mneni woyambukira ndi mneni wosayambukira. Woyambukira amafuna object ndipo amaigwira mwachindunji popanda mperekezi pakati. "Discuss", "reach", "request", "comprise" ndi otero: "We discussed the matter", osati "discussed about", "We reached Thondwe at noon", osati "reached at Thondwe". Wosayambukira alibe object, ndipo popeza passive imapangidwa ndi object, iye sangakhale passive. "Happen", "occur", "arrive", "die" ndi a m'gulu limeneli, n'chifukwa chake "An accident was happened" ndi cholakwika ngakhale m'Chichewa timati "ngozi inachitika" ndipo khutu limamva ngati passive.

Pa "rise" ndi "raise" ingokumbukira kukwera ndi kukweza. Mtengo wa chimanga wakwera: "The price of maize has risen." Ogulitsa akweza mtengo: "The vendors have raised the price." Woyamba amayenda rise, rose, risen, wachiwiri raise, raised, raised. "Lie" ndi "lay" ndi kugona ndi kugoneka: lie, lay, lain kwa wogona yekha, lay, laid, laid kwa wogoneka chinthu. Chisokonezo chimabwera chifukwa "lay" ndi nthawi yakale ya woyambayo komanso nthawi yatsopano ya wachiwiri. Yang'ana ngati pali object, ndiyo ikuuze.

Mtsikana wa Fomu 4, Chinamwali

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomonso amayi. Za "it" ndi "there" zija ndaziyesa pa ziganizo za m'mapepala akale ndipo zikutheka. Kwatsala ziwiri. Mawu othera ndi "-ing" pena akuti gerund, pena akuti participle, ndisiyanitse bwanji? Nanga "perfect" mu present perfect amatanthauza chiyani, poti "I have come yesterday" akuti n'zolakwika chonsecho timanena kuti "ndabwera dzulo"?

Wophunzira za zilankhulo, Chikanda

Achemwali, ndiyankha la perfect, koma poyamba ndiwonjezere pa zimene anena aphunzitsi, chifukwa mukadzatsegula mabuku ena a galamala kapena kufufuza pa intaneti mudzapeza zosiyana ndipo mudzaganiza kuti wina akunama.

Pali galamala ya kusukulu ndi galamala imene akatswiri a zilankhulo amagwiritsa ntchito masiku ano, ndipo mawu ena amawatanthauzira mosiyana. Kwa akatswiriwa "walking to Songani" ndi clause ndithu, amaitcha non-finite clause, chifukwa muli mneni wokhala ndi zomutsatira zake. Phrase kwa iwo ndi gulu lomangidwa pa liwu limodzi lalikulu lotchedwa head: "the old man from Kachulu" ndi noun phrase chifukwa mutu wake ndi "man", "very quickly" ndi adverb phrase, ndipo pali verb phrase imene mutu wake ndi mneni weniweni. Ndiye liwu lathu lakuti kapandamneni silikwanirana ndendende ndi phrase ya m'mabuku amenewo. Palibe wonama apa, ndi njira ziwiri zogawira chinthu chimodzi.

Liwu lakuti head likuthandizani pa concord, kutanthauza mgwirizano wa subject ndi mneni. Ife a Chichewa mgwirizano timaudziwa kuposa eni Chingerezi, chifukwa m'chilankhulo chathu umayenda chiganizo chonse: chimanga chathu chapsa, mitengo yathu yagwa. M'Chingerezi watsala pang'ono chabe, makamaka -s wa mu "he sells" ndi kusiyana kwa "is" ndi "are", "was" ndi "were", "has" ndi "have". Zovuta zake n'zakuti -s pa dzina akusonyeza zambiri, pamene -s pa mneni akusonyeza chimodzi: "the boy sells", "the boys sell". Mneni amagwirizana ndi head, osati dzina limene wayandikana nalo. Mu "The price of tomatoes has risen" mutu ndi "price", matimati angokhala pafupi. "One of the girls is absent": mutu ndi "one". "The head teacher, together with the pupils, is at the ground": zimene zili pakati pa mipatuliro sizisintha subject. "The number of pupils is small" koma "A number of pupils are absent", chifukwa "a number of" akungotanthauza angapo. Pa "neither" ndi "nor", komanso "either" ndi "or", m'pamene mneni amatsata dzina loyandikana nalo: "Neither the teacher nor the pupils were late."

Ulemu wathu nawonso umalowerera. Timati "abambo abwera", "agogo akudwala", mneni wa anthu ambiri pa munthu mmodzi. Chingerezi chilibe ulemu wa mtundu umenewu, ndiye ndi "My father has come" ndi "he", osati "have" ndi "they". Palinso mayina amene amatchedwa uncountable, monga "furniture", "luggage", "equipment", "advice", "information": satenga -s, satsogozedwa ndi "a", ndipo mneni wake ndi wa chinthu chimodzi. "News" ali ndi -s koma timati "The news is good".

Tsopano perfect. Liwuli silikunena za kukoma kapena kulondola. Linachokera ku Chilatini ndipo limatanthauza chinthu chomalizidwa. Kapangidwe kake ndi "have", "has" kapena "had" kuphatikiza past participle. Present perfect imanena za chinthu chimene chinachitika kale koma wolankhula akuchiyang'ana ataima lero: zotsatira zake zilipobe, kapena nthawi yake sinatsekeke. Imafanana kwambiri ndi -a- wathu wa mu "ndadya", "wagwa", "afika". Kusiyana kwake ndi kumene mwakupezako. Chichewa chimalola "ndabwera dzulo", kutanthauza kuti ndinafika dzulo ndipo ndikadali konkuno. Chingerezi sichilola present perfect kukhala pamodzi ndi mawu otchula nthawi yotha, monga "yesterday", "last week", "two days ago", "in 1975". Mukatchula nthawi yotero, mneni akhale simple past: "I came yesterday." "The capital moved from Zomba to Lilongwe in 1975." Mukafuna kunena kuti zikupitirirabe, m'pamene perfect imalowa, pamodzi ndi "since" kapena "for": "I have been here since yesterday." "Lilongwe has been the capital since 1975." "Since" amatsatidwa ndi poyambira, monga tsiku, chaka kapena ola. "For" amatsatidwa ndi kutalika kwa nthawi: "for three days", "for ten years". Past perfect, ya "had", ntchito yake ndi kusonyeza chimene chinayamba kuchitika pa zinthu ziwiri zakale: "The minibus had left when we reached the depot."

Continuous, imene mabuku ena amati progressive, ndi "be" kuphatikiza "-ing", ndipo imafanana ndi -ku- wa mu "ndikudya". Koma ife -ku- timamuika paliponse: ndikudziwa, ndikufuna, ndikukhulupirira, ndikumva. Chingerezi chili ndi gulu la aneni otchedwa stative, onena za mmene zinthu zilili osati zochitika, monga "know", "want", "believe", "understand", "own", "belong", ndipo kawirikawiri satenga "-ing". "I am knowing the answer" ndi Chichewa chovala Chingerezi, zolondola ndi "I know the answer". "Have" wa kukhala ndi chinthu alinso momwemo: "I have two brothers". "I am having lunch" ndi zololedwa chifukwa pamenepo "have" akutanthauza kudya.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Matawale

Achimwene a ku Chikanda anena zoona za non-finite clause, koma mwanawe, m'chipinda cha mayeso utsate galamala ya m'mabuku a kusukulu. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso amakonzedwa ndi MANEB konkuno ku Zomba, ndipo m'mabuku amene mukuphunzira gulu lopanda finite verb ndi phrase. Chingerezi ndi phunziro loti ukalilephera, satifiketi ya MSCE sungaipeze, ndiye si malo oyeserapo matanthauzo a kuyunivesite. Zimenezo ukazipeza ukakafika ku Chirunga.

Gerund ndi participle zimalembedwa mofanana, kusiyana kuli pa ntchito. Gerund ndi mneni wogwira ntchito ya dzina. Chichewa chili nayo: mu "kusambira kumalimbitsa thupi", "kusambira" ndi mwininkhani, ndipo mneni akugwirizana naye ndi ku-. Chingerezi chake ndi "Swimming strengthens the body". Yesa ndi "it" monga unachitira pa noun clause: "It strengthens the body." Zatheka, ndiye ndi gerund. "She enjoys swimming" isanduka "She enjoys it", gerund yogwira ntchito ya object. Mperekezi akatsatidwa ndi mneni, mneniyo amakhala gerund nthawi zonse: "after eating", "without asking", "good at drawing". N'chifukwa chake timalemba "I look forward to seeing you" ndi "She is used to walking", poti "to" wa pamenepo ndi mperekezi, si wa infinitive. Aneni monga "enjoy", "avoid", "finish", "mind", "deny" amatsatidwa ndi gerund, pamene "want", "decide", "refuse", "hope" amatsatidwa ndi infinitive. "Stop" amalola zonse koma tanthauzo limasintha: "He stopped drinking" ndi kuti analeka kumwa, "He stopped to drink" ndi kuti anaima kuti amwe.

Participle imagwira ntchito ya mfotokozi kapena imakhala chiwalo cha mneni wa continuous. Dzina likatsogozedwa ndi "-ing", tembenuza mawuwo uone. "A sleeping child" ndi mwana amene akugona, "a child who is sleeping", ndiye participle. "A sleeping mat" si mphasa imene ikugona, ndi yogonapo, "a mat for sleeping", ndiye gerund. "Boiling water" ndi madzi amene akuwira. "Drinking water" ndi madzi akumwa.

Participle phrase ikayamba chiganizo, wochita ntchito yake ayenera kukhala subject ya clause yotsatira. M'chiganizo chako choyamba chija, oyenda ndi anyamata ndipo "the boys" abwera mpatuliro utangotha, ndiye zili bwino. Ukalemba "Walking to Songani, the rain started", wanena kuti mvula ndiyo imayenda kupita ku Songani. Cholakwika chimenechi chimatchedwa dangling participle kapena unrelated participle, ndipo chimapezeka kwambiri m'zimangirizo. Kukonza kwake ndi kuika woyenda weniweni pamalo a subject, "Walking to Songani, we were caught in the rain", kapena kusandutsa phrase ija kukhala clause, "While we were walking to Songani, the rain started".

Mpatuliro umasinthanso tanthauzo la adjective clause. "My sister who lives in Sadzi is a nurse", popanda mipatuliro, ikusankha mchemwali mmodzi pakati pa angapo, ndipo imatchedwa defining clause. "My sister, who lives in Sadzi, is a nurse" ikungowonjezera nkhani pa munthu wodziwika kale, ndiyo non-defining. Ya mtundu wachiwiriwu siyamba ndi "that", ndipo dzina lamwinimwini limatsatidwa ndi imeneyi: "Zomba, which lies below the plateau, receives a lot of rain", osati "Zomba that lies". Mu defining clause, "that", "which" kapena "whom" akhoza kuchotsedwa ngati ali object: "The fish she bought was fresh." Apa palibe liwu lolumikiza loti ulione, koma werenga aneni: "bought" ndi "was" onse amasintha ukasintha nthawi, ndiye ma clause ndi awiri, ndipo "she bought" ndi adjective clause qualifying "fish".